Milungu ya ku Japan m'nthano za achinyamata: kubwereka kapena kulanda?

Katie, mtsikana wa ku America, waferedwa mayi ake, ndipo akuluakulu amutumiza kwa anti ake ku Shizuoka, mzinda wa ku Japan komwe sadziwa chilankhulo ngakhale kagwiridwe ka timitengo todyera. Kusukulu akumana ndi Tomohiro, mnyamata wosakonda zocheza amene akajambula chinthu ndi inki, chojambulacho chimayamba kuyenda papepala, poti m'magazi mwake muli mphamvu ya milungu yakale ya dzikolo. Imeneyi ndi nkhani ya m'buku la Ink, limene Amanda Sun wa ku Canada anatulutsa mu 2013. Chaka chomwecho Zoë Marriott wa ku Britain anatulutsa The Night Itself, momwe mtsikana wa ku London atenga mozemba lupanga la agogo ake kuti akatchene nalo kuphwando, osadziwa kuti watsekulira khomo zilombo zoopsa. Mu 2016 kunabwera Red Winter la Annette Marie, ndipo mu 2020 Courtney Alameda ndi Valynne Maetani anatulutsa Seven Deadly Shadows, la mtsikana wa ku Kyoto amene masana ali m'kalasi, madzulo akutumikira pakachisi wa agogo ake, usiku akulimbana ndi ziwanda.

Mabuku amenewa amafanana kaumbidwe. Pamakhala mzinda wa lero, wa sitima zothamanga ndi mafoni m'manja. Pamakhala wachinyamata amene akuona zimene anzake sakuziona. Kenako pabwere nkhandwe yosanduka mnyamata wooneka bwino, lupanga lamakedzana, ndi mayina otapidwa mu Kojiki, buku la nthano za chiyambi cha Japan limene linamalizidwa mu 712. Achinyamata amawakonda mabukuwa. Koma pali funso limene lautsa mapiri pachigwa pakati pa owerenga ndi olemba: kodi n'koyenera kuti munthu wakunja atenge milungu imene eni ake akuipembedzabe, n'kuiponya m'nkhani ya chikondi cha ana asukulu?

Amene amakana amayambira pa mfundo yakuti Chishinto, chipembedzo cha milungu imeneyi, si chakufa. Rick Riordan akamalemba za Zeus ndi Poseidon m'mabuku a Percy Jackson, akachisi a milungu imeneyo ndi mabwinja amene alendo amakajambulitsirako zithunzi. Ku Japan akachisi a Chishinto alipo pafupifupi 80,000, ndipo ndi otsekula. M'masiku atatu oyamba a chaka, anthu okwana 3 miliyoni amakhamukira ku kachisi wa Meiji mumzinda wa Tokyo kukapempha mwayi. Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa, amene banja lachifumu limati linachokera kwa iye, ali ndi nyumba yake ku Ise. Nyumba imeneyo amaimanganso zaka 20 zilizonse ndi matabwa atsopano, pabwalo loyandikana ndi lakale, ndipo yakaleyo amaiphwasula. Mu 2013 anachita zimenezi ka 62, ndipo akuyembekezeka kubwerezanso mu 2033. Tsono mu Red Winter, Amaterasu yemweyo wasanduka mulungu wa mphepo, ndipo Inari, amene alimi a mpunga ndi eni mabizinesi amamuthirira nsembe ku Fushimi, wasanduka wa moto. Otsutsawo amafunsa kuti, ngati dzuwa lake sukulifuna, dzina lake walitengeranji? Bwanji osapeka lako? Amakumbutsanso kuti Riordan mwiniwake, owerenga atamukakamira kuti alembe za milungu ya Ahindu ndi ya mitundu ina, anasankha kupereka mpata kwa eni ake. Mu 2018 anayambitsa mndandanda wa mabuku wotchedwa Rick Riordan Presents, ndipo loyamba kutuluka linali la Roshani Chokshi.

Dandaulo lachiwiri ndi ulesi pofufuza. Buku la Stormdancer la Jay Kristoff wa ku Australia, la mu 2012, linadzudzulidwa kwambiri ndi odziwa Chijapani chifukwa cha mawu aulemu amene anawamwaza molakwika m'kamwa mwa anthu a m'nkhaniyo. Safunsa anadya phula. Koma cholakwa cha mawu n'chaching'ono poyerekeza ndi chizolowezi chotenga dziko lonse ngati nsalu yokongoletsera kumbuyo kwa sewero: maluwa oyoyoka, lupanga, kimono, basi tafika ku Japan. Ndipo mabuku oterewa akadzaza mashelefu, a eni ake amasowa polowera. Noriko Ogiwara analemba nthano ya achinyamata yochokera mu Kojiki kale mu 1988. Cathy Hirano anaimasulira m'Chingelezi mu 1993 pa dzina lakuti Dragon Sword and Wind Child, koma inasowa pamsika kwa zaka zambiri mpaka pamene inasindikizidwanso mu 2007.

Pali mfundo ina yolemera kuposa zonsezi imene olemba akunja amailumpha kawirikawiri. Mayina amenewa anasenzapo mbiri yowawa. Kuyambira mu 1868 boma la Japan linalekanitsa Chishinto ndi Chibuda, n'kuchisandutsa chida cholimbitsira ulemu wa mfumu. Mu 1925 anamanga kachisi wamkulu ku Seoul, m'dziko la Korea limene ankalilamulira, n'kuikamo Amaterasu ndi mfumu Meiji. M'zaka za m'ma 1930 ana asukulu ankawakakamiza kukagwada ku akachisi otere, ndipo Akhristu ena amene anakana anaponyedwa m'ndende. Chishinto cha bomachi chinatha mu December 1945 pamene Aamerika analamula kuti boma lichotse dzanja lake m'chipembedzo. Choncho wolemba akamasangalala ndi nkhani ya mwana wosankhika amene ali ndi magazi a Amaterasu, oposa magazi a anthu wamba, akuvina pamalo amene ena anakhetserapo misozi. Wowerenga wa ku Seoul saiona nkhani yotere ndi maso a wowerenga wa ku Toronto.

Ovomereza amaseka pang'ono asanayankhe, chifukwa amati amene anayamba kusewera ndi milungu imeneyi ndi eni ake. Wachinyamata aliyense amene anaonerapo makatuni a Naruto pafoni amadziwa Amaterasu ngati moto wakuda wotuluka m'diso la Itachi, ndipo Susanoo ngati chimphona chotchinjiriza pankhondo. Analemba zimenezo ndi Masashi Kishimoto, Mjapani weniweni. Mu gemu ya Persona 4, Izanami, mayi amene anabala zilumba za Japan, ndiye mdani womaliza kumugonjetsa. Nanga Noragami? M'nthano ya zithunzi imeneyi, imene inasanduka makatuni mu 2014, mulungu wotchedwa Yato amavala zovala zothamangira, alibe kachisi ngakhale mmodzi, ndipo amalemba nambala yake ya foni pamakoma kuti anthu amuimbire. Ganyu aliyense, kaya kusaka mphaka wosochera kaya kukwecha bafa, amalipiritsa 5 yen, kandalama kobooka pakati kamene anthu amaponya m'bokosi la zopereka kukachisi. Ngati uku ndi kunyoza, onyozawo ali ku Tokyo.

Amapitiriza kuti Chishinto chilibe munthu amene anachiyambitsa, chilibe buku limodzi la malamulo, ndipo nthano zake sizinagwirizanepo chiyambire. Nihon Shoki, buku la mu 720, limafotokoza nkhani imodzi kenako n'kundandalika mmene mabuku ena anaifotokozera mosiyana, osagamula kuti wolondola ndani. Milungu yake si ya nkhope zolimba ayi. Amaterasu atakwiya ndi khalidwe la mlongo wake Susanoo n'kudzitsekera m'phanga, dziko lonse lili mumdima, chimene chinamutulutsa ndi phwando. Ame-no-Uzume anakwera pa mtsuko wovundikira n'kuvina mpaka zovala kumasuka, milungu yonse n'kufa nalo phwete, mwini dzuwa n'kusuzumira kuti aone chimene chikuseketsa anzake. Susanoo naye anapha njoka ya mitu 8 ataiyamba waledzeretsa ndi mowa. Anthu amene nthano zawo zopatulika zili chonchi, amatero ovomereza, sangakomoke chifukwa choti mulungu wawo wagwa m'chikondi m'buku la ana.

Mfundo imene ine ndimaiona yamphamvu kwambiri kumbali imeneyi ndi yakuti zambiri zimene timazitcha za Japan weniweni zinachita kubwera. Nkhandwe ya michira 9 inachokera m'nthano za ku China. Mwa milungu 7 ya mwayi imene Ajapani amaijambula ili m'bwato pa chaka chatsopano, wobadwira ku Japan ndi Ebisu yekha, ndipo Benzaiten, Daikoku ndi Bishamon mizu yawo ili ku India. Ashinigami, mizimu yotenga anthu pa imfa imene yadzaza mabuku a achinyamata, mulibe mu Kojiki. Nthano yotchuka ya shinigami imene katswiri wosimba nkhani San'yutei Encho anaifalitsa m'zaka za m'ma 1800 inachokera ku nthano ya ku Ulaya. Toriyama Sekien, amene anayamba kusindikiza mabuku a zithunzi za mizukwa ndi zilombo zotchedwa yokai mu 1776, zina mwa zilombozo anachita kupeka yekha, ndipo lero zimawerengedwa ngati za makolo.

Ndiye pali Lafcadio Hearn. Bamboyu anabadwira pachilumba china cha ku Greece mu 1850, mayi ake Mgiriki, bambo ake a ku Ireland. Anafika ku Japan mu 1890, n'kukwatira Koizumi Setsu, n'kutenga dzina lakuti Koizumi Yakumo. Buku lake la Kwaidan la mu 1904 analilemba m'Chingelezi, komabe nthano yake ya mkazi wa chipale chofewa, Yuki-onna, ndi imene Ajapani ambiri amaidziwa lero. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chokhacho, otchula Hearn asamaiwale mmene ankagwirira ntchito. Nthanozo ankamusimbira ndi mkazi wake usiku, nyale atachepetsa, ndipo Setsu anadzafotokoza pambuyo pake kuti mwamuna wake sankalola kumuwerengera m'buku, ankafuna kuti aisimbe ndi mawu ake ngati yake. Hearn anakhala pansi n'kumvetsera kwa zaka 14. Ameneyu sangakhale mboni ya munthu amene wafufuza pa intaneti kwa milungu iwiri.

Komanso mwini wake ndani? Valynne Maetani ndi wa ku America koma makolo ake anachokera ku Japan. Kylie Lee Baker, amene analemba The Keeper of Night mu 2021, ali ndi magazi a ku Japan, China ndi Ireland, ndipo mtsikana wa m'buku lake amasalidwa ku London chifukwa ndi wa ku Japan, akafika ku Japan n'kumuonanso ngati mlendo. Mukati tiyeze ndi pasipoti, anthu oterewa muwaika mbali iti?

Kufika apa, ndikuona kuti okana agonja pa funso la chilolezo. Palibe mlonda amene angaime pachipata cha nthano n'kumafunsa ziphaso. Koma agonja chifukwa anasankha bwalo lolakwika. Chimene chimandivuta m'mabuku ambiri a Chingelezi amenewa si amene walemba, koma chimene chimatayika m'njira, ndipo kuti tichione tiyenera kupita ku Otemachi.

Otemachi ndi dera la mabanki ndi makampani akuluakulu pakati pa Tokyo, pafupi ndi nyumba ya mfumu, komwe malo ndi odula koopsa. Pakati pa nyumba zazitali zagalasi pali kabwalo kamene palibe amayerekeza kumangaponso, ndipo pali mwala. Akuti pamenepo panagona mutu wa Taira no Masakado, msilikali amene anaukira boma n'kuphedwa mu 940. Mutuwo anakaupachika ku Kyoto, ndipo nthano imati unauluka kubwerera kwawo kum'mawa. Chivomerezi cha mu 1923 chitagwetsa mzinda, unduna wa zachuma unasalaza malowo n'kumangapo maofesi ongoyembekezera. Ogwira ntchito angapo anamwalira motsatizana, kuphatikizapo nduna, ndipo maofesiwo anawagwetsa. Mpaka lero pamwalapo sipasowa maluwa, ndipo anthu ovala masuti amapatuka popita kuntchito, n'kuwerama, n'kupitiriza ulendo. Taonani chimene mzindawo unachita ndi mzimu wolusa. Sunasake mwana wosankhika woti authe ndi lupanga. Unaupepesa, n'kuupatsa malo. Masakado yemweyo amapembedzedwa ku kachisi wa Kanda monga mtetezi wa Tokyo.

Chimodzimodzi Sugawara no Michizane, nduna yophunzira imene anainamizira mlandu n'kuithamangitsira ku Dazaifu, komwe inafera mu 903. Adani ake atayamba kufa, mphezi n'kugwa panyumba ya mfumu mu 930, anthu anati ndi mkwiyo wake. Anamubwezera maudindo ake ali m'manda, n'kumumangira kachisi ku Kitano. Lero ndi Tenjin, mulungu wa maphunziro, ndipo nyengo ya mayeso ikafika ana asukulu amadzaza akachisi ake, kulemba mayina a masukulu amene akufuna pa timatabwa n'kutipachika. Wozunza wa dzulo ndiye wothandiza wa lero. M'kaganizidwe kameneka mulungu mmodzi ali ndi mbali yolusa ndi mbali yofatsa, ndipo imene uione imadalira mmene wamusamalira. Vuto lalikulu si tchimo lofuna chilango koma chidetso chofuna kusambitsidwa. N'chifukwa chake pakhomo pa kachisi pamakhala madzi ndi chikho cha mpini wautali: utsuke dzanja lamanzere, kenako lamanja, uchukuche m'kamwa, ndiye ulowe.

Olemba a ku Japan, ngakhale akamasewera chotani, kaganizidwe aka kamawatsatira. Mu filimu ya Spirited Away ya Hayao Miyazaki, ya mu 2001, chinthu chonunkha chamatope chilowa m'nyumba yosambiramo milungu, antchito onse n'kuthawa atagwira mphuno. Kamtsikana Chihiro kachisambitsa, kapeza chinthu chobaya m'nthiti mwake, amangirira chingwe, onse n'kukoka. Chimene chituluke ndi njinga, kenako mulu wa zinyalala, ndipo pansi pa zonsezo pali mulungu wa mtsinje amene anthu anamusandutsa dzala. Mu Suzume ya Makoto Shinkai, ya mu 2022, mtsikana amaletsa zivomerezi potseka zitseko m'malo amene anthu anasamukamo, ndipo kuti chitseko chitsekeke ayenera kuyamba wakumbukira mawu a anthu amene ankakhala pamenepo. Yato uja wa 5 yen ali ndi mantha amodzi okha: mulungu amene anthu amuiwala amazimirira. Inde, nkhondo ziliponso zambiri m'makatuni a ku Japan, sindikukana. Koma ngakhale Tanjiro wa mu Demon Slayer, akadula chiwanda mutu, amatha kuchigwira dzanja pamene chikutha, pokumbukira kuti chinali munthu.

Tsono yerekezani ndi Izanami mmene amaonekera m'mabuku angapo a Chingelezi, ngati mfumukazi ya mdima yofuna kuwononga dziko. Mu Kojiki iye ndi mayi amene anafa ndi moto pobereka. Mwamuna wake Izanagi anamutsatira kudziko la akufa, n'kuphwanya pangano loti asamuyang'ane, ndipo ataona thupi lake litawola anathawa n'kutseka njira ndi chimwala. Mkwiyo wa Izanami ndi wa mkazi amene wachititsidwa manyazi. Kumusandutsa Satana wamkazi n'kutaya nkhani yabwino n'kutola yotopetsa. Wolemba wotere wabwereka mayina okha, koma mafupa a nkhani yake ndi omwe aja a nkhondo ya kuwala ndi mdima amene tawawerenga kambirimbiri. Mlandu wake kwa ine si kuba. Watinamiza ife owerenga kuti watitengera ku Japan pamene sitinachoke pakhomo.

Pali malire amodzi amene okana ali ndi chilungamo chonse. Nkhandwe ya m'nthano ilibe mwini, koma kachisi weniweni ali ndi eni ake. Mu March 2025 kampani ya Ubisoft inatulutsa gemu ya Assassin's Creed Shadows, momwe munali kachisi wa Itatehyozu wa ku Himeji, ndipo zithunzi zimene zinayamba kufala zinaonetsa wosewera akuswa za m'kati mwake. Akuluakulu a kachisiyo anati palibe anawafunsa. Nkhaniyo inafika m'nyumba ya malamulo mpaka nduna yaikulu ya nthawiyo Shigeru Ishiba inayankhulapo, ndipo kampaniyo inasintha gemuyo kuti zina za m'kachisi zisamasweke. Pachilumba cha Tsushima napo panachitika zopatsa maganizo. Mphepo yamkuntho itagwetsa chipata cha kachisi wa Watazumi mu 2020, okonda gemu ya Ghost of Tsushima, yopangidwa ku America, anathandiza kusonkha ndalama zoposa 27 miliyoni yen, pamene zimene ankapempha zinali 5 miliyoni. Ovomereza amaikonda nkhani imeneyi, monga amakondera ya kachisi wa Washinomiya amene alendo ake anachuluka kwambiri chifukwa cha makatuni a Lucky Star a mu 2007. Ndipo n'zoona kuti akachisi ambiri akumidzi akuvutika, achinyamata anathawira m'tauni, wansembe mmodzi akusamalira akachisi angapo. Koma mu March 2025 kachisi wa Watazumi yemweyo analengeza kuti odzangoona malo asamalowenso, atatopa ndi mwano wa alendo ena. Mlandu umenewo sitingauike pa gemu kapena pa buku. Ukungosonyeza kuti amene amatsala akusesa alendo akapita ndi wansembe ndi anthu a m'mudzimo, osati wolemba.

Chigamulo changa n'chakuti alembe, kaya ndi a ku Canada kaya a kuti. Nkhandwe, akappa a m'mitsinje ndi atengu a m'mapiri ayende m'misewu ya London mmene angafunire. Koma amene akufuna kusintha mulungu wa dzuwa kukhala wa mphepo amupatse dzina lina, ndipo amene akufuna kuika kachisi weniweni m'nkhani yake ayambe wagogoda kwa eni ake. Inu owerenga, mukamaliza Ink kapena Red Winter, musaimire pomwepo. Sakani Noriko Ogiwara, onerani Noragami ndi Spirited Away, ndiye mudzagamule nokha amene anakufikitsani ku Japan.